Kumatirira kwa maantibayotiki ku dongo m'madzi

Kumatirira kwa maantibayotiki ku dongo ndi zimene zimachitika pamene mankhwala opha mabakiteriya, amene asungunuka m'madzi, akumana ndi tizidutswa ta dongo n'kukakamira pomwepo. Dongo siliyamwa mankhwalawo ngati mmene thonje limayamwira madzi. Limawagwira kunja kwa tizidutswa take kapena m'mipata ya mkati mwake, makamaka chifukwa cha mphamvu ya magetsi imene dongo ndi mankhwalawo ali nayo. Mankhwala ena, monga tetracycline ndi ciprofloxacin, amamata zolimba. Ena, monga sulfamethoxazole amene ali mu Bactrim, samata kwenikweni ndipo amapitirira ndi madzi. N'chifukwa chake mankhwala ena amatsalira m'nthaka ndi m'matope pamene ena amakafika m'zitsime ndi m'mitsinje.

Nkhaniyi imakhudza mizinda monga Mzuzu, umene umamwa madzi ochokera m'nkhalango ya Kaning'ina kudzera mu mtsinje wa Lunyangwa, komanso umene mabanja ake ambiri amagwiritsa ntchito zimbudzi zokumba. Dongo limachepetsa mankhwala ena m'madzi, koma siligwira mitundu yonse, ndipo amene lawagwira siliwawononga.

Kumene mankhwalawa amachokera

Munthu kapena chiweto chikalandira antibayotiki, thupi siligwiritsa ntchito mankhwala onse. Gawo lalikulu, pakati pa 30 ndi 90 peresenti malinga ndi mtundu wa mankhwalawo, limatuluka mu mkodzo ndi m'chimbudzi likadali ndi mphamvu. Mwachitsanzo, pafupifupi 60 peresenti ya amoxicillin amene munthu wamwa amatuluka mu mkodzo pasanathe maola 8. Kuchoka apo mankhwalawo amalowa m'nthaka ndi m'madzi kudzera m'zimbudzi zokumba, m'matanki a zonyansa, m'madzi otayidwa kuzipatala, mu ndowe ndi zitosi za m'makola, komanso kudzera m'makapisozi otsala amene amatayidwa kudzala.

M'Malawi, cotrimoxazole, amene anthu ambiri amamudziwa ndi dzina loti Bactrim, ndi mmodzi mwa maantibayotiki omwedwa kwambiri, chifukwa anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV amapatsidwa kuti azimwa tsiku ndi tsiku popewa matenda ena. M'mankhwalawa muli mitundu iwiri, sulfamethoxazole ndi trimethoprim. Kumbali ya ziweto, oxytetracycline amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa nkhuku, nkhumba ndi ng'ombe.

Mankhwala opezeka m'mitsinje amakhala ochepa kwambiri, ndipo amayezedwa m'mamaikulogalamu kapena m'mananogalamu pa lita. Maikulogalamu imodzi pa lita ikufanana ndi kapisozi mmodzi wa mamiligalamu 500 atasungunulidwa m'malita 500,000, kapena kuti m'zigubu 25,000 za malita 20. Mlingo wotere sungachize munthu, koma mabakiteriya amaumva.

Mmene dongo linapangidwira

Kwa asayansi ya nthaka, dongo ndi tizidutswa tosaposa mamilimita 0.002, tosaoneka ndi maso. Timapangika miyala ikamafumbutuka kwa zaka zikwizikwi chifukwa cha madzi ndi kutentha. Kuchepa kwake kumachititsa kuti tisadikhe msanga. M'madzi odekha, mchenga umakhala pansi mphindi imodzi isanathe, koma kachidutswa ka dongo ka mamilimita 0.002 kamatenga pafupifupi maola 8 kuti katsike masentimita 10 okha, ndipo tating'ono kuposa apa timatha masiku tikuyandama. Ichi ndi chifukwa chake madzi a mtsinje amakhalabe ofiira mvula itasiya kalekale.

Kachidutswa kalikonse ndi mulu wa timapepala topyapyala tosanjikizana ngati masamba a buku. Timapepalati tili m'mitundu iwiri: kena kamapangidwa ndi silikoni ndi okosijeni, kena ndi aluminiyamu, okosijeni ndi haidulojeni. Kasanjidwe kake ndi kamene kamasiyanitsa mitundu ya dongo.

Kaolinite ili ndi kapepala kamodzi ka silikoni pa kapepala kamodzi ka aluminiyamu. Magulu ake amagwirana zolimba moti madzi salowa pakati, ndipo dongoli silifufuma likanyowa. Dzinali linachokera ku phiri la Gaoling ku China. Kaolinite ndi yofala m'nthaka zofiira za m'madera otentha a mvula yambiri, zimene m'Malawi zimatchedwa katondo. Ku Linthipe m'boma la Dedza kuli dongo lambiri la mtunduwu limene limagwiritsidwa ntchito poumba mbale ndi makapu.

Montmorillonite, imene dzina lake linachokera ku tawuni ya Montmorillon ku France, ili ndi kapepala ka aluminiyamu pakati pa timapepala tiwiri ta silikoni. Magulu ake sagwirana kwambiri, choncho madzi ndi zinthu zina zimalowa m'mipata. Dongoli limafufuma likanyowa ndipo limang'ambika ming'alu likauma. Ndilo lochuluka m'nthaka yakuda ya makande, monga ya m'chigwa cha Shire ndi ya m'zidikha zozungulira nyanja ya Chilwa. Palinso illite, imene mipata yake ndi yotsekedwa ndi potaziyamu, ndi vermiculite, imene imapezeka m'boma la Mwanza.

Kusiyana kwa mitunduyi n'kwakukulu. Galamu imodzi ya kaolinite ili ndi malo omatapo zinthu okwana masikweyamita 10 mpaka 20, pamene galamu imodzi ya montmorillonite, powerengera ndi mipata ya mkati, imafika masikweyamita 600 mpaka 800. Izi zikutanthauza kuti magalamu 10 okha a montmorillonite ali ndi malo ofanana ndi bwalo la mpira.

Chaji ya dongo

Tinthu tating'ono kwambiri timatha kukhala ndi mphamvu ya magetsi imene imatchedwa chaji. Chaji ili pawiri, ya pozitivu ndi ya negetivu. Zosiyana zimakokana ndipo zofanana zimakankhana. Atomu kapena molekyu imene ili ndi chaji imatchedwa ayoni.

Dongo limapeza chaji m'njira ziwiri. Yoyamba imachitika pamene dongolo likupangika: atomu ya aluminiyamu imatha kukhala pamalo a silikoni, kapena ya maginiziyamu pamalo a aluminiyamu. Popeza yolowayo ili ndi chaji ya pozitivu yocheperapo, kapepala konse kamatsala ndi chaji ya negetivu imene sisintha. Montmorillonite ndi vermiculite zili ndi chaji yambiri ya mtunduwu. Njira yachiwiri ndi ya m'mphepete mwa tizidutswa, mmene timapepala tinadukira. Chaji ya m'mphepetemu imasintha potengera madzi: akakhala a asidi imakhala ya pozitivu, asidi akachepa imasanduka ya negetivu. Chaji yambiri ya kaolinite ndi ya mtundu wachiwiriwu.

Chifukwa cha chaji ya negetivu, dongo limazunguliridwa ndi maayoni a pozitivu monga kashiamu, maginiziyamu, potaziyamu ndi sodiyamu. Maayoniwa sakhazikika, ena akabwera amatha kuwachotsa n'kutenga malo awo. Kuchuluka kwa maayoni amene dongo lingagwire motere kumayezedwa m'masentimolo pa kilogalamu. Kaolinite imagwira 3 mpaka 15, illite 10 mpaka 40, ndipo montmorillonite 80 mpaka 150.

M'nthaka zofiira, tizidutswa ta dongo timakhala titakutidwa ndi dzimbiri la ayironi ndi zotsalira za aluminiyamu. Hematite ndi imene imafiiritsa katondo, goethite imapereka mtundu wachikasu, ndipo gibbsite ndi ya aluminiyamu. M'nthaka ya asidi zitatuzi zimakhala ndi chaji ya pozitivu, ndipo zimagwira nawo ntchito yaikulu yomata mankhwala.

Chaji ya mankhwala ndi pH

Maantibayotiki ambiri amasintha chaji malinga ndi pH ya madzi. pH ndi muyeso wa asidi umene umayambira pa 0 kulekeza pa 14. Nambala ikakhala pansi pa 7 ndiye kuti madziwo ndi a asidi, ikaposa 7 ndiye kuti apendekera mbali ya phulusa kapena laimu. Madzi a m'mitsinje yambiri amakhala pakati pa 6 ndi 8.5.

Tetracycline amakhala ndi chaji ya pozitivu pH ikakhala pansi pa 3.3. Pakati pa 3.3 ndi 7.7, molekyu yake imakhala ndi pozitivu mbali imodzi ndi negetivu mbali ina, ndipo kupitirira 7.7 negetivu ndiyo imachuluka. Ciprofloxacin amakhala wa pozitivu pansi pa 6.1, wa mbali ziwiri pakati pa 6.1 ndi 8.7, ndipo wa negetivu pamwamba pa apo. Sulfamethoxazole ndi wosiyana: pH ikaposa 5.7, mamolekyu ake ambiri amakhala a negetivu, ndipo ikatsika pang'ono amakhala opanda chaji. Choncho m'madzi wamba mankhwalawa amakankhana ndi dongo kapena amangolidutsa.

Njira zomatirira

Njira yoyamba ndi kusinthana maayoni. Molekyu ya mankhwala imene ili ndi mbali ya pozitivu imachotsa sodiyamu kapena kashiamu pa dongo n'kukhala pamalo pake. Ndiyo njira yaikulu imene ciprofloxacin ndi tetracycline amamatira pa montmorillonite m'madzi a asidi. Gentamicin, amene ali ndi malo angapo a pozitivu, ndi erythromycin amamatanso motere.

Njira yachiwiri ndi ya mlatho. Molekyu ikakhala ndi mbali ya negetivu singamate yokha pa dongo la negetivu. Koma ayoni ya kashiamu kapena ya maginiziyamu, imene ili ndi chaji ziwiri za pozitivu, imatha kuima pakati, dzanja limodzi litagwira dongo ndipo lina litagwira mankhwala. Chifukwa cha ichi, tetracycline amamatabe pa dongo lokhala ndi kashiamu ngakhale pH itakwera.

Njira yachitatu ndi kugwirana mwachindunji ndi ayironi kapena aluminiyamu. Mamolekyu a tetracycline ndi ciprofloxacin ali ndi maatomu a okosijeni oyandikana amene amapana atomu ya chitsulo ngati mmene nkhanu imapanira ndi mphanda zake. Izi zimachitika m'mphepete mwa kaolinite komanso pa hematite, goethite ndi gibbsite. Kugwirana kotereku n'kolimba, ndipo madzi okha sakumasula msanga. M'nthaka zofiira njira imeneyi ndi yofunika kwambiri.

Njira yachinayi ndi kulowa m'mipata. Mu montmorillonite, mamolekyu a mankhwala amalowa pakati pa magulu a timapepala n'kuwatalikitsa. Asayansi amatsimikizira izi pounika dongo ndi makina a X-ray, amene amaonetsa kuti mpata wakula mankhwala atalowa. Kaolinite ilibe mipata yotseguka, choncho imagwira mankhwala kunja kokha ndipo imadzaza msanga.

Palinso kukokana kofooka kodzera mu haidulojeni ndi mphamvu zina zing'onozing'ono. Kumeneku n'kumene kumagwira pang'ono mankhwala opanda chaji. M'nthaka yeniyeni dongo limakhala losakanikirana ndi zowola za masamba ndi mizu, ndipo zowolazi ndi zimene zimagwira gawo lalikulu la sulfamethoxazole wochepa amene amatsalira m'nthaka.

Omata ndi osamata

Poyerekeza mankhwala, asayansi amagwiritsa ntchito nambala yotchedwa Kd. Imapezeka pogawa kuchuluka kwa mankhwala amene amata pa kilogalamu imodzi ya dothi ndi kuchuluka kwa amene atsala mu lita imodzi ya madzi. Nambala ikakula, ndiye kuti mankhwalawo amamata kwambiri. Magulu a tetracycline ndi ciprofloxacin amakhala ndi Kd ya m'mahandiredi kapena m'masauzande. Gulu la sulfamethoxazole nthawi zambiri silifika pa 10. Trimethoprim ndi erythromycin ali pakati, ndipo metronidazole samata kwenikweni. Amoxicillin ndi mankhwala ena a gulu la penicillin samatanso kwambiri, koma amasweka msanga m'madzi poyerekeza ndi enawa.

Mwachitsanzo, mu lita imodzi ya madzi amatope momwe muli galamu imodzi ya dothi, mankhwala a Kd ya 1,000 amagawika pakati: theka limamata pa dothi, theka limatsala m'madzi. M'madzi omwewo, mankhwala a Kd ya 2 amamata magawo awiri okha pa 1,000 alionse. Madziwo akakhala oyera, okhala ndi mamiligalamu 10 okha a dothi pa lita, ngakhale mankhwala a Kd ya 1,000 amamata gawo limodzi lokha pa 100. Motero kuchuluka kwa matope kumasintha njira imene mankhwala amayendera mu mtsinje.

Zimene zapezeka m'madzi a m'mizinda zikugwirizana ndi izi. Ofufuza ogwira ntchito ndi bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome anapeza sulfamethoxazole, trimethoprim ndi metronidazole m'mitsinje ya mumzinda wa Blantyre. Ku Chunga mumzinda wa Lusaka, kafukufuku wofalitsidwa mu 2020 anapeza maantibayotiki m'madzi a mumtsinje komanso m'zitsime zina. Mu 2022, kafukufuku wotsogozedwa ndi yunivesite ya York, amene anayeza mitsinje 258 m'mayiko 104, anaonetsa kuti mitsinje ya kumwera kwa chipululu cha Sahara ili m'gulu la yoipitsidwa kwambiri ndi mankhwala a m'chipatala.

Kaning'ina ndi mtsinje wa Lunyangwa

Nkhalango ya Kaning'ina ndi yotetezedwa ndi boma ndipo ili m'mapiri a kum'mawa kwa mzinda wa Mzuzu. Mtsinje wa Lunyangwa umayambira m'nkhalangoyi, ndipo damu la Lunyangwa, limene bungwe la Northern Region Water Board limapopamo madzi a mzindawu, limadalira mvula yogwa m'mapiri amenewa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Mzuzu unali ndi anthu 221,272. Ukadutsa damulo, mtsinjewu umayenda m'madambo a mumzinda, n'kulowera cha ku Ekwendeni, kenako umathira mu Kasitu, amene amakathira mu South Rukuru.

Mzuzu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo umalandira mvula yoposa mamilimita 1,200 pachaka. Mvula yambiri chonchi yakhala ikutsuka nthaka kwa nthawi yaitali, n'kusiya dothi lofiira la asidi, lokhala ndi kaolinite ndi dzimbiri la ayironi. Malo ofufuzira zaulimi a Lunyangwa amadziwika ndi nthaka ya asidi yotereyi. Alimi amaidziwa nthaka imeneyi chifukwa imamanga fosifolasi wa mu feteleza moti mbewu zimavutika kumupeza. Malo amene amagwira fosifolasi ndi omwewo amene amagwira tetracycline ndi ciprofloxacin, ndipo ziwirizi zikakumana zimalimbirana malo.

Nthaka ya mtundu umenewu imagwira mankhwala omata kudzera mu ayironi ndi aluminiyamu, koma ilibe mipata yosungiramo zambiri ngati makande. Kwa sulfamethoxazole ndi metronidazole ndi chotchinga chofooka. Izi zili ndi tanthauzo losiyana kumtunda ndi kumunsi kwa damu.

Kumtunda, nkhalango imateteza madzi m'njira ziwiri. Kumene kulibe nyumba, zimbudzi ndi makola kulibenso gwero la mankhwala. Komanso mizu ndi masamba ogwa zimagwira dothi kuti lisakokoloke. Kuotcha makala, kucheka matabwa mozemba ndi kutsegula minda m'nkhalango, zimene zakhala zikuvutitsa Kaning'ina, zimafooketsa chitetezo chonsechi. Dothi lokokoloka limakwirira damu, ndipo likachokera m'minda yothiridwa zitosi kapena ndowe za ziweto zimene zinalandira mankhwala, limabwera ndi zimene zamata pa ilo.

Kumunsi, mabanja ambiri amadalira zimbudzi zokumba ndi matanki a zonyansa, ndipo ena amatunga madzi m'zitsime zosazama. M'madera otsika monga Chibavi ndi Chibanja, madzi a pansi amakhala pafupi, makamaka m'dzinja. Pamalo otere dothi la pakati pa dzenje la chimbudzi ndi chitsime limakhala lochepa. Mankhwala omata amatsalira pafupi ndi dzenje, pamene osamata amatsatira madzi a pansi. Madzi akasefukira, monga mmene zinachitikira mumzindawu mu Epulo 2016, zimbudzi zimadzaza ndipo zonse, zomata ndi zosamata, zimakokolokera m'madambo.

Kumata si kutha

Mankhwala amene amata pa dongo sanawonongeke. Nthawi zambiri amakhalitsa kuposa osungunuka m'madzi, chifukwa dzuwa siliwafika ndipo tizilombo ta m'nthaka timavutika kuwaphwanya. Ku Germany, ofufuza anapeza tetracycline m'minda patapita miyezi yambiri chithirireni ndowe zamadzimadzi za ziweto. Kafukufuku wina wa ku United States wofalitsidwa mu 2005 anaonetsa kuti tetracycline womata pa dothi amalepheretsabe mabakiteriya kukula.

Mankhwalawo amathanso kumatuka. pH ikakwera, monga pamene mlimi wathira laimu kapena phulusa, chaji ya mankhwala ndi ya m'mphepete mwa dongo imasintha. Mchere ukachuluka, maayoni ake amalanda malo. Pansi pa damu kapena m'dambo, mmene mpweya wa okosijeni umasowa, dzimbiri la ayironi limasungunuka n'kumasula zimene linagwira. Ndiponso kachidutswa ka dongo kakamayenda ndi madzi a mvula kamanyamula katundu wake, moti mankhwala amene sakanayenda okha amafika kutali.

Choopsa chachikulu ndi kusamva mankhwala kwa mabakiteriya. M'matope, mabakiteriya ambirimbiri amakhala mothithikana pa tizidutswa tomwe tagwira mankhwala. Mlingo wochepa suwapha onse, koma umapatsa mwayi amene ali ndi njira yodzitetezera kuti achulukane kuposa anzawo. Mu 2011, ofufuza a ku yunivesite ya Uppsala ku Sweden anaonetsa kuti izi zimachitika ngakhale mlingo utachepa kwambiri poyerekeza ndi umene umaletsa mabakiteriya kukula. Dongo limagwiranso DNA ya mabakiteriya akufa n'kuiteteza kuti isaphwanyike msanga, ndipo mabakiteriya ena amatha kutola DNA yoteroyo.

Vutoli likuoneka kale m'zipatala. Pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, mabakiteriya a E. coli opezeka m'magazi a odwala amene sankamva mankhwala a gulu la ceftriaxone anakwera kuchoka pa 0.7 peresenti mu 2003 kufika pa 30.3 peresenti mu 2016. A Klebsiella anachoka pa 11.8 kufika pa 90.5 peresenti. Padziko lonse, anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira mu 2019 chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala. Zoyambitsa vutoli n'zambiri, kuphatikizapo kumwa mankhwala mosayenera ndi kusowa kwa ukhondo, ndipo madzi ndi matope ndi amodzi mwa malo amene limafalikira.

Poyeretsa madzi

Malo ambiri oyeretsera madzi a m'mizinda amathira alamu kapena mankhwala ena ounjika matope, amasiya matopewo kuti adikhe, amasefa madzi mu mchenga, kenako amathira klorini. Mankhwala omata pa dongo amachoka limodzi ndi matopewo, choncho malo otayirako matope amenewa amafunika kusamalidwa. Mankhwala osungunuka sachoka kwenikweni ndi alamu. Klorini amasintha ena mwa iwo, koma njira zodalirika kwambiri ndi makala okonzedwa mwapadera, mpweya wa ozone, ndi masefa opyapyala opanikiza madzi, zimene ndi zokwera mtengo.

Popeza dongo ndi lotchipa ndipo limapezeka ponseponse, asayansi akhala akuyesa kuligwiritsa ntchito pochotsa maantibayotiki m'madzi oipa. Bentonite, dongo lochuluka montmorillonite, limachotsa bwino tetracycline ndi ciprofloxacin, koma kuti ligwire sulfamethoxazole limafunika kusakanizidwa kaye ndi zinthu zina zosintha chaji yake. Dongo likadzaza pamafunikanso njira yolitayira.

Masefa a pakhomo oumbidwa ndi dongo amagwira ntchito mosiyana. Dongo likaotchedwa kupitirira madigiri 500 mpaka 600, timapepala take timawonongeka ndipo mphamvu yosinthana maayoni imachepa kwambiri. Masefawa amatchinga mabakiteriya ndi matope pogwiritsa ntchito timabowo take, koma sanapangidwire kuchotsa mankhwala osungunuka. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo ndipo n'kofunika popewa kolera ndi matenda ena otsekula m'mimba, koma sikuchotsa maantibayotiki ambiri.

M'thupi la munthu

Kugwirana komweku kumachitikanso m'mimba. Ciprofloxacin, tetracycline ndi doxycycline akakumana ndi ayironi wa m'mapiritsi owonjezera magazi, kapena ndi maginiziyamu ndi aluminiyamu wa m'mankhwala a chilungulira monga magnesium trisilicate, amagwirana nawo ndipo salowa mokwanira m'magazi. Kashiamu wa mu mkaka amachitanso chimodzimodzi, makamaka kwa tetracycline ndi ciprofloxacin. Ichi ndi chifukwa chake achipatala amalangiza kusiya maola angapo pakati pa mankhwalawa ndi zinthu zimenezi. Kudya dothi, kumene kumachitika pakati pa amayi ena oyembekezera ndi ana, kungathenso kuchepetsa mankhwala ena olowa m'thupi.

Mbiri ya kafukufuku ndi zimene zikuchitika

Mu 1850, H. S. Thompson ndi J. Thomas Way a ku England anafotokoza kuti nthaka imagwira amoniya n'kutulutsa kashiamu, ndipo apa ndi pamene kusinthana maayoni kunadziwika. Mu 1930, Linus Pauling analongosola kasanjidwe ka timapepala ta dongo. Maantibayotiki ambiri anachokera ku tizilombo ta m'nthaka: streptomycin anapezeka mu 1943, ndipo chlortetracycline, woyamba wa gulu la tetracycline, anapezedwa ndi Benjamin Duggar m'zaka za m'ma 1940. Pofika mu 1961, ofufuza a ku United States anali atayamba kufalitsa zimene anapeza zokhudza kugwirana kwa maantibayotiki ndi dongo. Chidwi chinakula kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene makina oyeza mlingo wochepa kwambiri anayamba kupeza mankhwalawa m'mitsinje.

Mu 2015 bungwe la World Health Organization linakhazikitsa dongosolo la dziko lonse lolimbana ndi kusamva mankhwala kwa tizilombo, ndipo Malawi inakonza ndondomeko yake ya zaka za 2017 mpaka 2022, imene imaona umoyo wa anthu, wa ziweto ndi wa chilengedwe ngati nkhani imodzi. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndi limene limayang'anira kagulitsidwe ka mankhwala m'dziko muno. Popeza mankhwala akalowa m'madzi amavuta kuchotsa, njira zotchipa ndi zoletsa kuti asafikemo: kumwa maantibayotiki pokhapokha achipatala atalemba, kusataya mankhwala otsala m'ngalande ndi m'mitsinje, kukumba zimbudzi pamtunda wosachepera mamita 30 kuchokera pa chitsime komanso kumunsi kwake, kuwoletsa manyowa asanathiridwe m'munda, ndi kusunga mitengo ya m'magwero a madzi monga Kaning'ina.